Misewu, Njanji ndi Doko m'Dziko la Mchenga: Moyo Wanga ku Walvis Bay

Moni nonse amene mukumvera pologalamu ino, kaya muli kumudzi ku Malawi, ku Chipata, ku Tete, kapena muli kutali ndi kwanu monga ndilili ine. Ndikulankhula nanu kuchokera ku Walvis Bay, tauni ya padoko imene ili m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic m'dziko la Namibia. Ndimagwira ntchito mu ofesi ya kampani ina yonyamula katundu, ndipo udindo wanga ndi wokonza zikalata za katundu wotuluka padoko komanso kulondoloza mathiraki amene ali pa ulendo. Ambiri mwa inu mwakhala mukundifunsa kuti anthu amayenda bwanji m'dziko limene mbali yaikulu ndi chipululu, ndiye lero ndati tikambirane za misewu, njanji ndi doko, popeza ndi zimene ndimadyerapo.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe ndi kukula kwa dziko lenilenilo. Namibia ndi yaikulu kuwirikiza pafupifupi ka 7 poyerekeza ndi Malawi, koma kalembera wa mu 2023 anapeza kuti muli anthu ongopitirira pang'ono 3 miliyoni. Mbali yonse ya kumadzulo, kuyambira kumalire ndi South Africa mpaka kukalowa mu Angola, ndi chipululu cha Namib, ndipo chakum'mawa kuli mchenga wina wa Kalahari umene umapitirira mpaka ku Botswana. Pafupifupi theka la anthu onse limakhala kumpoto kwenikweni, kumene mvula imagwako yokwanira kulima mchewere ndi kuweta ng'ombe. Likulu la dziko, Windhoek, lili m'mapiri a pakati, makilomita pafupifupi 400 kuchokera kuno. Migodi yabalalika m'malo ouma. Ndipo madoko awiri okha amene dzikoli lili nawo, Walvis Bay ndi Lüderitz, ali kuseri kwa mchenga. Choncho anthu ali kwina, ntchito ili kwina, nyanja ili kwinanso, ndipo chilichonse chimene munthu amadya, kuvala kapena kugulitsa chiyenera kuyenda mtunda wautali pa misewu imene amailipirira ndi anthu ochepa kwambiri.

Kuno kunyanja mvula siigwa kwenikweni, moti pa chaka chathunthu nthawi zambiri siifika ngakhale mamilimita 20. Munthu wochokera kwathu, kumene mvula ndiyo imagumula milatho ndi kukumba maenje pa phula, angaganize kuti msewu wa kuno ulibe mdani. Adani alipo, kungoti ndi ena. Woyamba ndi mchenga, umene sukhala pamodzi. Msewu wa pakati pa Walvis Bay ndi Swakopmund, wa makilomita ongopitirira 30, umadutsa pakati pa nyanja ndi mapiri a mchenga, ndipo mphepo ikawomba masana mchengawo umakwera pa phula mpaka makina atabwera kudzaukankha. M'miyezi yozizira kumabweranso mphepo yotentha yochokera kum'mawa, imene imadzaza mlengalenga ndi fumbi, ndipo woyenda nayo pa liwiro amapeza galasi lakutsogolo litakandika ndi utoto wa galimoto utasupuka. Boma linamanga msewu wina waukulu kuseri kwa mapiri a mchengawo, moyandikana ndi njanji komanso ndi phiri lotchuka lija la Dune 7, kuti mathiraki achoke pa msewu wa m'mphepete mwa nyanja. Mdani wachiwiri ndi nkhungu. Madzi a nyanja ya kuno ndi ozizira kwambiri, ndipo amabweretsa nkhungu yochindikala imene imakuta gombe m'mawa ndi madzulo, itanyamula mchere umene umadya chitsulo chilichonse. Wogula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito ku Windhoek amayamba wafunsa ngati inakhalapo kunyanja, chifukwa akudziwa kuti dzimbiri limakhala litayamba kale kunsi kwake.

Misewu yonse ya boma m'dzikoli ndi yotalika makilomita oposa 48,000, koma yaphula ndi pafupifupi makilomita 8,000 okha. Yaphulayo ndi imene imalumikiza matauni akuluakulu ndi zipata za m'malire, ndipo yambiri imadziwika ndi chilembo B: B1 imachokera kumalire a South Africa kudzera ku Windhoek mpaka kumalire a Angola, B2 imachokera kuno kukakumana ndi B1 ku Okahandja, ndipo B8 ndi imene imalowera ku Zambia. Yotsalayo, ya zilembo C ndi D, yambiri ndi yothira miyala ing'onoing'ono yotsendereza bwino, ndipo pa imeneyi ndi pamene mlendo amadabwa. Kwathu tikati msewu wafumbi timaganiza za njira yokumbika imene minibasi imaikana m'dzinja, koma kuno msewu wotere ndi wotakata, uli ndi zikwangwani, ndipo lamulo limalola kuyendapo mpaka makilomita 100 pa ola. Chinsinsi chake ndi gireda. Magireda amayendayenda chaka chonse, aliyense ndi chigawo chake, ndipo woyendetsa nthawi zambiri amakoka kanyumba ka matayala kamene amagonamo kutchire komweko. Gireda ikachedwa kubwera, msewu umachita mizeremizere ngati malata ofolera nyumba, galimoto imanjenjemera mpaka mabauti kumasuka, ndipo dalaivala wosazolowera amagudubuzika pa kona popanda kugundana ndi wina aliyense.

Mtunda wapakati pa malo okhala anthu ndi umene umaphunzitsa munthu mwambo wina wa kayendedwe. Msewu wa C14 wochoka kuno kulowera kumwera chakum'mawa umayenda makilomita pafupifupi 230, kudutsa m'chigwa cha mtsinje wa Kuiseb, usanafike pa Solitaire, ndipo pakati ponsepo palibe pothira mafuta, palibe golosale, ndipo m'malo ambiri foni siigwira. Palibe mudzi woti mukapemphe madzi, palibenso mnyamata wa njinga woti mumutume kukaitana makaniko. N'chifukwa chake munthu asananyamuke amadzaza thanki, amanyamula madzi akumwa ochuluka ndi matayala awiri apadera, ndiponso amauza wina nthawi imene akuyembekezeka kufika. Chimene ndimayamikira mwa anthu a kuno n'chakuti akaona galimoto yaima m'chipululu amachepetsa liwiro n'kufunsa ngati zonse zili bwino, kaya akukudziwani kapena ayi. Lamulo limafunanso kuti pa misewu ikuluikulu nyali za galimoto zikhale zoyaka ngakhale dzuwa likuswa mtengo, chifukwa pa msewu woongoka ndi wotentha maso amanama, ndipo galimoto imene ikubwera imaoneka ngati ili kutali pamene ili pafupi. Usiku anthu odziwa sayenda ngati palibe chowakakamiza, popeza ngoma ndi njiri zimadumphira mumsewu mosayembekezeka.

Kumanga msewu kumafuna madzi ambiri otsenderezera dothi, ndipo m'chipululu madziwo ndi amene amavuta kuposa simenti. Makontirakitala amakumba zitsime zakuya kapena kutunga madzi kutali ndi magalimoto a mathanki, zimene zimakweza mtengo wa kilomita iliyonse. M'mphepete mwa nyanja anapeza nzeru ina: amasakaniza dothi la komweko ndi madzi amchere kwambiri n'kutsendereza, ndipo likauma limalimba n'kuda mpaka mlendo kuganiza kuti ndi phula. Misewu yamchere yotereyi mungaione kumpoto kwa Henties Bay polowera ku Cape Cross. Ndi yotsika mtengo ndiponso yosalala, koma nkhungu ikainyowetsa imaterera koopsa, ndipo imatheka kokha chifukwa kulibe mvula yoti isungunule mcherewo. Ndiye pali mitsinje. Swakop, Kuiseb, Omaruru ndi Ugab ndi mitsinje ikuluikulu pa mapu, koma mukafikapo mumapeza mchenga wokhawokha, ndipo mumadabwa kuona mlatho wautali utamangidwa pamwamba pa malo ouma. Mvula ikagwa kumapiri, makilomita mazanamazana kumtunda, madzi amatsika mwadzidzidzi kumalo kumene kumwamba kulibe ngakhale kamtambo. Pa misewu ing'onoing'ono, pamene palibe mlatho ndipo njira imangotsikira mumtsinje, chimene munthu wanzeru amachita ndi kuzimitsa injini n'kudikira kuti madzi aphwe.

Funso limene linkandivuta nditangofika linali lakuti ndalama zosamalira zonsezi zimachokera kuti. Mu 1999 nyumba ya malamulo ya dzikoli inakhazikitsa malamulo atsopano a misewu, ndipo mu 2000 mabungwe awiri anayamba kugwira ntchito: Roads Authority, loyang'anira misewu, ndi Road Fund Administration, lotolera ndi kugawa ndalama zake. Gawo lalikulu la ndalamazo limachokera pa msonkho umene uli pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo. Zina zimachokera pa malaisensi a galimoto, pa ndalama imene galimoto yakunja imalipira polowa m'dziko, ndi pa mathiraki olemera amene amalipira molingana ndi kulemera kwawo komanso mtunda umene ayenda. Zipata zolipiritsa monga za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke kuno kulibe. Omvera a ku Malawi aona kuti mayina a mabungwewa si achilendo, chifukwa nafenso tili ndi mabungwe ofanana nawo, odaliranso msonkho wa pa mafuta. Kusiyana kumene ine ndimaona kuli pa nthawi yokonzera: kuno phula amalimatanso likangoyamba kuchita ming'alu, lisanabooke, ndipo ntchito imeneyi siidikira kuti kubwere chisankho kapena mlendo wolemekezeka. Kwa zaka zingapo malipoti a World Economic Forum ankaika Namibia patsogolo mu Africa muno pa ubwino wa misewu. Komabe tisakokomeze. Kuuma kwa dziko kumawathandiza kwambiri, magalimoto ndi ochepa, ndipo bungwe losunga thumba la misewulo limadandaula lokha chaka ndi chaka kuti ndalama sizikukwana, makamaka zothiranso miyala pa misewu ya kumidzi imene yaperepeseka.

Tsopano tibwerere m'mbuyo, chifukwa mapu a njanji za dziko lino samveka popanda mbiri yake. Ajeremani atayamba kulamulira dzikoli mu 1884 anapeza kuti doko labwino lokhalo la pakati pa gombe, lomwe ndi Walvis Bay, linali kale m'manja mwa Angerezi kuyambira mu 1878. Choncho mu 1892 anakhazikitsa Swakopmund, pamalo pamene panalibe pokocheza pabwino, ndipo katundu wochokera kumeneko ankawoloka chipululu pa ngolo zokokedwa ndi ng'ombe. Mu 1897 mliri wa ng'ombe unapha ziweto zochuluka zedi, ngolo zinaima, ndipo m'chaka chomwecho anayamba kuyala njanji yopapatiza ya masentimita 60 imene inafika ku Windhoek mu 1902. Njanji yachiwiri inafika ku Tsumeb mu 1906, ndipo cholinga chake chinali chimodzi chokha, kutsitsira kopa kunyanja. Kumwera, njanji yochoka ku Lüderitz inafika ku Aus mu 1906 ndi ku Keetmanshoop mu 1908, pa nthawi ya nkhondo imene Ajeremani anapululira Aherero ndi Anama, ndipo amene anakakamizidwa kuimanga anali akaidi a nkhondoyo, ambiri ochokera ku ndende ya pa Shark Island, amene anafera pa ntchitoyo mwaunyinji. Dziko la Germany linadzavomereza mu 2021 kuti zimene zinachitika m'zaka zimenezo zinali kupulula mtundu wa anthu. Ndimafuna kuti omvera azikumbukira zimenezi akamaona zithunzi zokongola za njanji yodutsa mu mchenga.

Pa njanji yomweyo ya ku Lüderitz, mu 1908, wantchito wina dzina lake Zacharias Lewala, amene ntchito yake inali kufosholo mchenga kuuchotsa pa njanji, anatola mwala wonyezimira n'kuupereka kwa kapitawo wake, August Stauch. Unali dayamondi, ndipo chuma cha dera lonselo chinayambira pamenepo, ngakhale kuti wotolayo sanapindule nacho. Tauni ya Kolmanskop imene inamera chifukwa cha dayamondiyo lero ndi bwinja lodzaza mchenga m'zipinda, koma ntchito ya Lewala ikadalipo: chigawo cha pakati pa Aus ndi Lüderitz anachikonzanso kwa zaka zoposa 10, ndipo mpaka pano mchenga umakwirira njanjiyo ndi msewu woyandikana nawo ngati anthu ndi makina apumulako pang'ono. Mu 1915 asilikali a South Africa atalanda dzikoli analumikiza njanji zake ndi zakwawo, ndipo kuyambira pamenepo kwa zaka zambiri katundu ankayang'ana kumwera. Namibia inalandira ufulu mu 1990, koma Walvis Bay inakhalabe m'manja mwa South Africa mpaka mu 1994. Kumpoto kuja, kumene kuli theka la anthu onse ndipo kunkachokera amuna okagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, njanji inafikako mochedwa kwambiri: ku Ondangwa mu 2006, ndi ku Oshikango, pa malire a Angola, mu 2012. Mwachidule, njira za dziko lino anazijambula poganizira miyala ya pansi, ndipo anthu anadzaganiziridwa pambuyo.

Boma la Namibia litalandira dokoli linaona kuti anthu ake okha ndi ochepa kuti alidzaze ndi katundu, ndiye linaganiza zoligulitsa kwa oyandikana nawo amene alibe nyanja. Msewu wa Trans-Kalahari, wodutsa pa chipata cha m'malire cha Buitepos kulowa mu Botswana mpaka ku Gauteng, dera la ku South Africa kumene kuli Joni, unatsegulidwa mu 1998. Mu 2000 kunakhazikitsidwa bungwe la Walvis Bay Corridor Group, lokopa amalonda kuti azidutsitsa katundu wawo kuno. Mu 2004 Pulezidenti Sam Nujoma wa Namibia ndi Pulezidenti Levy Mwanawasa wa Zambia anatsegula mlatho wa Katima Mulilo pa mtsinje wa Zambezi, wotalika pafupifupi mamita 900, pamalo pamene kale magalimoto ankawolokera pa pantoni. Kenaka mu Ogasiti 2019 anatsegula malo atsopano otsitsira makontena, amene anamangidwa pa mahekitala 40 a nthaka yochita kukwirira m'nyanja, ndi ngongole yochokera ku African Development Bank, ndipo omanga anali China Harbour Engineering Company. Zambia, Botswana ndi Zimbabwe anapatsidwa malo awoawo kuno osungirapo katundu wawo. Chimene chimadutsa pa desiki langa tsiku ndi tsiku ndi chipatso cha zonsezi: kopa wochokera ku Copperbelt ku Zambia ndi ku Katanga ku Congo akutsikira kunyanja, ndipo pobwerera mathiraki omwewo amanyamula salufa ndi zipangizo za m'migodi, pamene ena oziziritsa amatenga nsomba ya karapau kupita nayo ku Zambia ndi ku Congo. Kuwonjezera apo pali mchere wa kuno komweko, ndi yureniyamu wa m'migodi ya Rössing ndi Husab imene ili m'chipululu chakufupi.

Ndikufotokozereni ulendo wa thiraki imodzi yopita ku Zambia, monga ndimaulondolera pa kompyuta ndi pa foni. Ikatuluka padoko imayamba yakwera pa sikelo, chifukwa kulemera kopyola muyezo kuli ndi chindapusa chowawa, ndipo masikelo ena akudikira kutsogolo. Imawoloka Namib pa B2, kudutsa Arandis ndi Usakos, pa msewu umene m'malo ena ndi wopapatiza kwa mathiraki ochuluka chonchi, ndipo ngozi zoopsa zimachitika pamene wa galimoto yaing'ono watopa kutsatira mzere wa mathiraki n'kuganiza zopitirira. Pa Karibib imakhotera kumpoto kudzera ku Omaruru mpaka ku Otjiwarongo, kenaka Otavi ndi Grootfontein. Pakati pa Grootfontein ndi Rundu pali chipata cha Mururani, pa mpanda wautali wa zaumoyo wa ziweto umene umadula dziko pakati. Nyama yaiwisi yochokera kumpoto siiloledwa kutsikira kumwera, ndipo alimi a kumpoto akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti mpandawu umawatsekera misika yabwino. Mukangodutsa chipatacho dziko limasintha. Mafamu akuluakulu a waya amatha, m'mbali mwa msewu mumayamba midzi, ana a sukulu, mbuzi, ndi amayi ogulitsa nkhuni, ndipo Mmalawi aliyense amamva ngati wayandikira kwawo. Kuchoka pa Rundu mpaka pa Katima Mulilo ndi makilomita oposa 500, ndipo pafupifupi 200 mwa amenewa, kuyambira pa Divundu mpaka pa Kongola, ali m'nkhalango yotetezedwa ya Bwabwata, kumene njovu zimawoloka msewu pa nthawi imene zafuna.

Chipata cha m'malire pa Katima Mulilo ambiri amachitchulabe kuti Wenela, chifukwa bungwe lija la Wenela limene linkalemba anthu ntchito za kumigodi ya ku Joni, lomwenso linasiya dzina pa depoti ya mabasi ku Blantyre, linali ndi malo ake kumeneko. Apa ndi pamene nthawi imene dalaivala anapulumutsa pa msewu wabwino imathera. Chikalata chimodzi chikasowa kapena makompyuta a kasitomu akazima, thiraki imagona pa mzere, ndipo foni yanga imayamba kulira usiku. Madalaivala ambiri amene ndimagwira nawo ntchito ndi a ku Zambia, moti pa malo oimika mathiraki kuno Chinyanja chimamveka ngati tili ku Lusaka. Amagona m'galimoto, amaphika nsima pa kambaula ka gasi m'mbali mwa matayala, ndipo amatha milungu osaona ana awo. Akawoloka mlatho n'kufika ku Sesheke, chigawo cholowera ku Kazungula ndi Livingstone chakhala chodziwika kwa zaka zambiri ndi maenje amene amathyola masipuling'i. Wamalonda wa ku Lubumbashi kapena ku Ndola sasamala kuti ndi chigawo cha dziko liti chimene chachedwetsa katundu wake; amangowerenga masiku, n'kuyerekeza ndi Dar es Salaam, Durban, Beira, ndiponso tsopano Lobito ku Angola, kumene kuli njanji yofika mpaka kumalire a Congo.

Apa ndi pamene ndimaona kufooka kwenikweni kwa dongosolo lonseli. Namibia ili ndi njanji yotalika makilomita oposa 2,600, yoyendetsedwa ndi kampani ya boma ya TransNamib, ndipo kutakata kwake ndi kofanana ndi kwa njanji za ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Koma m'zigawo zambiri njanjiyo ndi yakale, sitima zimayenda pang'onopang'ono, ndipo mainjini okoka ndi ochepa, motero katundu wolemera amene anayenera kuyenda pa chitsulo akuyenda pa phula. Chigawo chochoka kuno kukafika pa Kranzberg anachikonzanso m'zaka zapitazi, zimene ndi zabwino, koma njanji yolowera ku Zambia imathera pa Grootfontein, ndipo yolowera ku Botswana imathera pa Gobabis. Mapangano omanga njanji yowoloka Kalahari anasainidwa ndi maboma a Namibia ndi Botswana mu 2014, ndipo zokambirana zofikitsa njanji ku Katima Mulilo zimamveka kawirikawiri, koma madalaivala anga akadanyamulabe kopa yense pa matayala. Thiraki iliyonse yolemera imene ndimaitumiza imabweretsa ndalama ku doko, ndipo nthawi yomweyo imafupikitsa moyo wa msewu umene dzikoli limanyadira.

Nanga munthu wamba, amene alibe galimoto yakeyake? Kwa iyeyu msewu wabwino si yankho lonse. M'matauni anthu amadalira matakisi ang'onoang'ono okwera anthu angapo osadziwana, olembedwa manambala akuluakulu m'mbali, amene amaliza hutala paliponse pofuna okwera. Ku Windhoek ambiri ogwira ntchito amakhala ku Katutura ndi m'madera a zisakasa opitirira pamenepo, kutali ndi kumene kuli ntchito, chifukwa mzindawo unamangidwa mwatsankho, ndipo gawo lalikulu la malipiro a mlonda kapena wantchito wa m'nyumba limathera pa takisi. Kabaza amene tinamuzolowera kwathu kuno simumuona. Maulendo ataliatali ndi a maminibasi okoka ngolo ya katundu kumbuyo, amene amanyamuka akadzaza, monga kwathu. Koma mukachoka pa misewu ya chilembo B, zoyendera za aliyense zimatheratu. Wogwira ntchito pa famu kapena wokhala m'midzi ya ku Kunene amakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu kudikira matola, mwina tsiku lonse, ndipo kumadera ambiri ouma ngolo ya abulu ndiyo imatengera wodwala kuchipatala ndi mwana kusukulu yogonera konko. Pa msewu womwewo pamadutsa alendo odzaona malo, m'magalimoto amphamvu okhala ndi matenti padenga, n'kumusiyira fumbi.

Mwezi wa Disembala ndi umene umaonetsa poyera kuti anthu a dziko lino amagwira ntchito kutali ndi kwawo. Mafakitale a nsomba ndi makampani omanga akatseka, tauni yathu ino imachepa anthu akuda ogwira ntchito, onse ali pa ulendo wa kumpoto, ku Oshakati, Ondangwa, Eenhana ndi Rundu, atanyamula mabedi, malata ndi matumba a shuga. Malo okwerera amadzaza, ena amagona pomwepo kudikira mpando, ndipo apolisi amachulukitsa zipata pa B1 chifukwa ngozi zimakwera. Pali thumba la boma lotchedwa Motor Vehicle Accident Fund, lolipiridwanso kuchokera pa mafuta, limene limathandiza ovulala pa ngozi za pamsewu, ndipo ndimaliona kuti ndi chinthu chanzeru m'dziko limene ambulansi imayenda mtunda wautali kuti ifike pa ngozi. Chodabwitsa n'chakuti kumpoto komweko vuto la misewu ndi madzi. Dera la Cuvelai ndi lathyathyathya, ndipo mvula ikachuluka ku Angola madzi amasefukira m'madambo onse, monga zinachitikira mu 2008, 2009 ndi 2011, n'kudula midzi, sukulu ndi zipatala. Dziko limodzi lomweli limalimbana ndi mchenga kumadzulo ndi madzi osefukira kumpoto, kuchokera m'thumba limodzi.

Ena mwafunsa kuti ine ndimapita bwanji kumudzi. Kampani ya ndege ya boma, Air Namibia, inatsekedwa mu 2021, ndipo ndege yochoka kuno kupita ku Lilongwe mwachindunji palibe. Woyenda pa ndege amadzera ku Johannesburg kapena ku Addis Ababa, pa mtengo umene ambiri a ife sitingaukwanitse chaka chilichonse. Choncho njira yathu ndi yomweyo ya kopa: Katima Mulilo, Sesheke, Livingstone, Lusaka, kenaka msewu wa kum'mawa mpaka ku Chipata, n'kulowa pa Mwami kufika ku Mchinji. Ndi mtunda woyandikira makilomita 2,800 kukafika ku Lilongwe, wosinthasintha mabasi, ndipo ndi mtunda umenewu umene umayankhanso funso la amalonda a kwathu amene amandilembera kufunsa ngati n'kwanzeru kuitanitsa katundu kudzera ku Walvis Bay. Pa katundu wambiri yankho langa ndi lakuti ayi, chifukwa Beira ndi Nacala ali pa mtunda wosafika theka la umenewu, ndipo mtengo wa dizilo sunama. Zimathekako pa katundu wochokera ku Ulaya kapena ku America amene mwini wake akufuna kuti asachedwe padoko, kapena pamene madoko a kum'mawa adzaza, koma muyambe mwawerengetsa ndalama za pa zipata ziwiri za m'malire ndi misonkho ya misewu ya ku Zambia musanalipire kalikonse.

Mu pologalamu yotsatira ndidzakhala ndi mmodzi wa madalaivala a njira ya ku Lubumbashi, amene wavomera kutifotokozera yekha za malipiro, za masikelo ndi za kugona pa mzere wa pa Kasumbalesa, chipata cha m'malire a Zambia ndi Congo. Amene muli ndi mafunso oti ndimufunse, nditumizireni sabata ino isanathe. Zikomo kwambiri pomvera, tsalani bwino.